Laputopu Imene Atate Ako Anaipititsa ku Sevisi

Mapalo mwana wanga,

Ndagogoda, sunatsegule. Sindigogodanso, chifukwa ndikudziwa kumene unatengera mutu umenewo, ndipo si kwa atate ako. Ndiye ndakankhira mbale kumbali pa tebulo lino kuti ndikulembere. Pepala limalowa pansi pa chitseko ngakhale mwini chipinda atakwiya chotani. Uwerenge mpaka kumapeto, ndipo uwerenge msanga, chifukwa magetsi a kuno ku Kabwata lero apita dzuwa lisanalowe, ndipo akapita, intaneti ya m'nyumba ipita nawo.

Ndiyambe ndi zimene zachitika, kuti tisakangane pa nkhani ziwiri zosiyana. Mawa m'mawa ukwera basi ya ku Kitwe. Lolemba ukaimirira pamaso pa aphunzitsi a ku koleji kuwaonetsa pulogalamu yako, ija yokumbutsa tsiku la sevisi ya galimoto iliyonse yobwera ku galaja ya atate ako, ndipo ndi pomwepo pamene akasankhire ochepa olowa m'kalasi imene wakhala ukuilota chaka chonse. Lachinayi unapita ku Chelstone kukatsanzika azakhali ako, laputopu n'kuisiya pabedi. Ine ndinali kuntchito ku Woodlands. Atate ako anaiona, anakumbuka kuti mwana ali pa ulendo, anainyamula mpaka kutauni kwa anyamata okonza makompyuta, n'kuwauza kuti aipange sevisi yonse. Anyamatawo anachita zimene anauzidwa. Anakweza sisitimu yonse, anaika kompaila yatsopano ndi malaibulale atsopano, anapukuta ndi fumbi lomwe. Wabwera lero m'mawa, wasinthako tinthu tating'ono toti ukaonetse Lolemba, walemba lamulo lomangira la make, ndipo pulogalamu imene inkamangika bwinobwino Lachitatu yakana.

Ndinali kukhitchini pamene unalankhula. "Ba dadi, nindani anamiuzani kuti mugwile vintu vanga? Mailo musanipelekeze ku basi. Nizayenda neka na takisi." Iwo anangoti, "Nenze kufuna chabe kuti isakakufele munjila. Chintu sichiyenda ku Kopala, ku Kitwe uko, kopanda sevisi." Iwe unamenyetsa chitseko.

Mwana wanga, pulogalamu siikundiopsa kwenikweni. Ndakhala ndikulimbana ndi makompaila kuyambira usanabadwe, ndipo sindinaonepo cholakwa chimene chinakana kupezeka. Chimene chikundiopsa ndi mawu akowo. Ndikuopa kuti mawa ukwera basi usanawayang'ane atate ako kumaso, ndipo zikatero, miyezi idzapita inu awiri mukupatsirana moni kudzera mwa ine pa foni. Ndimakudziwani nonse. Ukayenda siya phazi, ukasiya mlomo uupeza.

Sindikuwaikira kumbuyo. Analakwa kugwira chinthu cha mwini osafunsa, ndipo ndawauza zimenezo mosapsatira mawu. Koma munthu ameneyu umamudziwa. Ndi yemwe uja anamasula mbaula yanga ya magetsi usiku woti mawa lake tikulandira alendo a chinkhoswe cha msuweni wako, ati imamveka kaphokoso. Moyo wake wonse waona anthu akugona m'tchire chifukwa cha lamba wotha amene akanasinthidwa pabwalo la nyumba. Kwa iye kukonda chinthu ndi kuchimasula chisananyamuke.

Tsopano ndikuuze chimene sukudziwa, koma usatembenuke msanga. Kuseri kwa zenera lako kuli chigubu cha oilo. Atate ako, ndi msinkhu wawo uja, anakwera pamenepo ndi foni, n'kujambula sikirini yako kudzera pa kampata kamene katani yasiya. Mwamwayi umakonda zilembo zikuluzikulu. Katani yaphimba pamwamba, mutu wako waphimba pakati, ndipo chimene chaoneka bwino ndi mzere umodzi wapansi:

collect2: error: ld returned 1 exit status

Anabwera nawo kukhitchini n'kundionetsa. "Bana Mapalo, apa yakamba ati bwanji? Naipaya?" Ndinawauza kuti sanaiphe, koma kuti chimene chaidwalitsa sindingachione pa chithunzicho.

Mzere umenewo uli ndi uthenga wabwino, ndipo ndikufuna uumve usanalire kwambiri. Pomanga pulogalamu pali antchito awiri. Kompaila imatenga fayilo iliyonse ya .c payokha n'kuisandutsa chidutswa, ija fayilo ya .o. Kenako linka, imene dzina lake pa sikirini ndi ld, imatenga zidutswazo pamodzi ndi malaibulale n'kuzilumikiza kuti zikhale pulogalamu imodzi. Zili ngati kwa telala wathu wa pamsika: wina amadula nsalu, wina amasoka. Mzere wakowo ukunena kuti kudula kwatheka, koma kusoka kwakanika. Ntchito yako yonse ilipo, palibe chimene chatayika. Koma mzerewo sunena chifukwa. Chifukwa chili pamwamba, kumene katani yaphimba.

Usanachite china chilichonse, tenga fulashi ili m'kabati yako ukopere foda yonse ya pulogalamuyo. Chita zimenezi tsopano, kalatayi iyembekeza. Ndipo maganizo oti ufufute sisitimu yonse n'kubwezeretsa yakale, amene ndikudziwa kuti akuzungulira m'mutu mwako, uwachotseretu. Nthawi ya zimenezo palibe, magetsi palibe, ndipo munthu wokwiya safufuta chimene akufuna chokha.

Nditangoyamba ntchito mu ofesi ina kutauni, ndinali ndi msinkhu woposa wako pang'ono ndiponso matama oposa ako kwambiri. Tsiku lina zolakwa zinadzaza sikirini, zikuthamanga kukwera m'mwamba. Ine ndinayamba kukonza kuchokera pansi, poti ndi pamene maso ankaona. Ndinasintha mizere yabwinobwino, ndinafufuta zimene zinalibe mlandu, ndipo zolakwa zinkangochuluka. Sabata inatsala pang'ono kutha ndikudya mabanzi pa desiki, osauza munthu. Panali bambo wina wachikulire, ba Mwelwa, amene ankakhala pafupi ndi zenera. Anabwera, anakweza sikirini mpaka pamwamba penipeni, analoza ndi cholembera. Ndinali nditaiwala kachizindikiro kamodzi kotsekera mzere, ndipo zolakwa zina zonsezo zinali ana ake. Anati, "Mwaiche, mwana iwe, mamotoka yakagundana pa msebo, ufunsa wamene anayamba, osati wa kumbuyo." Ndiye iwe werenga mzere woyamba. Ngati wathawa pa sikirini, lemba make 2> zolakwa.txt, utsegule fayiloyo, uyambire pamwamba. Ukonze chimodzi chokhacho, umangenso, uwerengenso mzere woyamba.

Ulendo wina anatikwezera sisitimu ku ofesi komweko, monga achitira anyamata a kutauniwa. Pulogalamu yanga inakana pa linka, ndipo ndinafufuza m'khodi mpaka maso kufiira, koma khodi inalibe vuto. Zidutswa zakale, zodulidwa ndi kompaila yakale, zinali zidakali m'foda, ndipo make inkangoziona kuti zilipo n'kuzipereka kwa linka yatsopano osazidulanso. Mankhwala ake ndi make clean, kenako make, kuti zonse zidulidwe mwatsopano. Makefile yanga inalibe clean, ndiye ndinati ndizifufute ndekha. Ndinkafuna kulemba rm *.o, koma chala chinagunda mpata pakati pa kanyenyezi ndi kadontho. Kompyuta sinandifunse kanthu. Inafufuta chilichonse m'fodamo, khodi ya miyezi, n'kudandaula mwaulemu kuti fayilo yotchedwa .o sinaipeze. Ndinapita kuchimbudzi kukalira kuti anzanga asandione. N'chifukwa chake ndakuuza za fulashi poyamba. Ngati sunakoperebe, ima pomwepa ukopere.

Ukatsuka n'kumanganso, mzere woyamba ukhoza kukhala umodzi mwa itatu imene ndimaidziwa ngati abale anga. Ukaona wonena kuti cannot find, kutsogolo kwake kuli -l ndi dzina, ndiye kuti laibulale imene pulogalamu yako imadalira yachotsedwa pokweza sisitimu. Iwe unagwiritsa ntchito sqlite posungira manambala a magalimoto, ndiye ndi imene ndingayambe kuikayikira. Chimene chimasowa kawirikawiri ndi phukusi la omanga mapulogalamu, lija dzina lake limathera ndi -dev. Uliikenso ndi chida cha sisitimu chomwecho chimene unaliikira poyamba, magetsi asanapite. Usadabwe ngati utatsuka uthenga usintha n'kunena kuti fayilo ina ya .h sikupezeka. Ndi matenda omwewo, angoonekera malo ena. Ine nthawi ina ndinachita ulesi. Ndinapita kwa mnzanga ku Kabulonga, ndinakopera laibulale pa kompyuta yake, ndinabwera n'kuiponya m'foda ya sisitimu ngati ndikuponya chovala m'dengu. Pulogalamu yanga inamangika, ndipo ndinadzitama. M'mawa mwake theka la mapulogalamu a pa makinawo linakana kudzuka. Usaponye chinthu m'mafoda a sisitimu ndi dzanja, ndipo lamulo lililonse la pa intaneti loyamba ndi sudo usalilembe usanamve chimene likuchita.

Ukaona wonena kuti undefined reference to, ndiye kuti khodi yako yaitana dzina limene linka sinalipeze paliponse. Apa ndinatayapo masana athunthu ndikuwonjezera #include pamwamba pa fayilo iliyonse, kuganiza kuti mwina sinamve. Fayilo ya .h imangouza kompaila kuti dzina lakuti liliko. Thupi lake lili mu laibulale, ndipo laibulaleyo uyenera kuitchula polumikiza. Komanso yang'ana pamene waitchula. Linka imawerenga kuchokera kumanzere kupita kumanja, ndiye -lm kapena -lsqlite3 zikhale kumapeto, pambuyo pa mafayilo amene akuzifuna. Makina ena akale ankakhululuka ukazitsogoza. Atsopano ambiri amangodutsa laibulale imene palibe waifunsa, ndipo akafika pa fayilo yako sabwereranso. Tsegula Makefile, uone dongosolo la mzere wolumikizira, ndipo usinthe chimenecho chokha.

Wachitatu ndi umene mtima wanga ukundiuza, ndipo ndikupempha uwerenge ndime ino usanakwinye pepala. Ndi wonena kuti multiple definition of. Ukukumbuka m'nyengo yozizira, utafunda bulangete pa tebulo lomwe lino, ndinaima kumbuyo kwako ndi kapu ya tiyi? Ndinaona mu galaja.h mzere wakuti int magalimoto. Ndipo fayilo imeneyo unaiitana m'mafayilo ako onse a .c. Ndinakuuza kuti pamenepo pakufunika extern. Unandiyankha osatembenuka, "Mami, isebenza. Isiyeni chabe." Ndinaisiya, poti inalidi kugwira ntchito. Kompaila yakale inkaona dzina limodzi litabadwa m'zidutswa zingapo, n'kulola kuti linka iwaphatikize mwakachetechete ngati chinthu chimodzi. Yatsopano inasiya chifundo chimenecho. Tsopano chidutswa chilichonse chikubwera ndi magalimoto akeake, ndipo linka ikukana kusankha. Kukonza kwake n'kochepa. Mu galaja.h ulembe extern int magalimoto. Ndipo mu fayilo imodzi yokha ya.c ulembe int magalimoto, basi. Uchite chimodzimodzi ndi dzina lililonse limene linka itchule. Pa intaneti akuuza kuti ungowonjezera -fcommon. Igwiradi, ndipo ukhoza kuyesa kamodzi kuti utsimikize matenda, koma usapite nayo ku Kitwe, chifukwa kumeneko n'kuphimba chilonda ndi sokosi.

Tsono ganizira ichi modekha. Unandiuza wekha kuti Lolemba sukaonetsa pa laputopu yako. Akakupatsa kompyuta ya mu labu yawo, ukaikemo khodi, ukamange iwo akuona. Makina a mu labu ya ophunzira atsopano sindikhulupirira kuti ali ndi kompaila yokalamba ngati imene inali pa laputopu yako. Ngati mzere woyamba ndi wachitatuwu, kapena uja wa dongosolo la malaibulale, ndiye kuti cholakwacho chinali m'chikwama mwako kale, chikudikira Lolemba. Chikanatuluka uli chiimire, aphunzitsi ali kumbuyo kwako, anzako akuyang'ana, iwe usanachionepo n'kamodzi komwe. Lero chatuluka uli m'chipinda mwako, mayi ako ali kuseri kwa chitseko. Atate ako amati galimoto yofera mu galaja ili ndi mwayi. Sanadziwe chimene ankachita, zimenezo ndikuvomera, ndipo ngati mzerewo ndi uja wa laibulale yosowa, ndiye kuti angokupatsa ntchito yopanda pake tsiku loipa. Sindikudziwa. Sindinaone pamwamba pa sikirini. Koma iwenso sunawerenge pamwambapo pamene unkawauza za takisi.

Ukakafika kumeneko, machenjezo a kompaila usamawanyoze. Ine zaka zina ndinkawazimitsa ndi -w kuti sikirini izioneka yoyera bwana akamadutsa. Kompaila itakwezedwa, zina mwa zimene inkangondinong'oneza inayamba kuzikana poyera, ndipo zonse zinandigwera tsiku limodzi. Mvula ikakuona litsiro sikata. Uzimanga ndi -Wall, ndipo chenjezo lililonse uzilimva lidakali laling'ono. Pa kompyuta iliyonse yachilendo uziyamba ndi gcc --version kuti udziwe amene ukulankhula naye. Ndipo sabata ya mayeso kapena ya chionetsero usamakweze sisitimu, ngakhale itakuchonderera chotani pakona ya sikirini.

Ukakanika, uzifunsa. Safunsa anadya phula, ndipo ine ndinalidya lambiri sabata ija ya mabanzi. Koma pofunsa usamanene kuti "siikugwira" basi. Uzitenga mzere woyamba monga ulili, lamulo limene unalemba, ndi chimene chinasintha komaliza. Ku koleji ukapeza anyamata olankhula mokweza amene adzafuna kukulanda kiyibodi kuti akuonetse. Uziwalola kuloza ndi chala, koma kulemba uzilemba wekha. Usinthe chinthu chimodzi, umange, uwerenge mzere woyamba. Ukasintha zitatu nthawi imodzi, ngakhale itagwira sudzadziwa chimene chaichiritsa, ndipo mawa lake idzadwalanso.

N'chifukwa chake ngakhale utatsegula chitseko pompano, laputopuyo sindiigwira. Manja akundiyabwa, usaganize kuti ayi. Koma ku Kitwe ine kulibe, ndipo Lolemba akakufunsa chifukwa chimene unalembera extern, ndikufuna ukayankhe monga munthu amene anadzipezera yekha. Kuona maso a nkhono n'kudekha. Pukuta nkhope, imwa madzi, kopera pa fulashi, tsuka, manga, werenga pamwamba.

Pulogalamu imeneyi usaiwale kumene inachokera. Unailemba chifukwa unatopa kuona atate ako akuimbira makasitomala kuchokera m'mutu, wina n'kumuiwala mpaka injini itagogoda. Tsiku limene inayamba kugwira, anaitana amakanika onse a ku Chilenje kuti adzaone, ndipo anaimirira pambali pako manja m'thumba ngati ailemba ndi iwo. Lero akuganiza kuti aipha ndi manja awo. Nkhomaliro sanadye. Ndakhala nawo zaka zonsezi, ndipo nkhope imene anabwera nayo kukhitchini ndi foni ija ndinaionapo pa maliro pokha. Zikundipweteka, mwana wanga, ndipo zikundipweteka mbali zonse ziwiri.

Galimoto anaipanga kale sevisi dzulo. Asintha oilo, apopa matayala, atsuka ndi mipando, zonsezo chifukwa cha ulendo wochoka pano kukafika pa siteshoni ya mabasi, umene ngakhale wapansi amayenda. Nditawaseka anati mwana wopita ku koleji sakwera galimoto yosayang'anidwa. Masutikesi ako anawayeza kale kumbuyo kuti aone ngati akwana.

Ndalakwitsa chinthu chimodzi masana ano. Pamene ndinawauza kuti chithunzi chawo chagwira mzere womaliza wokha, ndinawonjeza kuti ndikanaona woyamba ndikanadziwa. Anatenga foni n'kutuluka. Ndasuzumira pa zenera la kukhitchini pompano, ndipo ali pa chigubu paja, dzanja limodzi lagwira chitsulo cha zenera. Ndawauza kuti atsike asanathyoke. Andinong'oneza kuti, "Muuzeni asendezeko chabe katani na mutu, nione pamwamba."

Ndiye ukaupeza mzere woyambawo, usabwere nawo kwa ine. Chitseko chikhale chotseka ngati ukufuna. Tembenuka, ukoke katani, uwawerengere iwo mokweza. Samvapo ngakhale liwu limodzi, koma atsika.

Ndine amene ndinakubala, ndipo ndili pa tebulo pano,

Mayi ako